Njinga ya a Blasius Inachira Msanga

Pa siteji ya kabaza ya pa Nsanama palibe amene sawadziwa a Blasius Namakhwa. Mukafunsa za iwo mudzamva zinthu ziwiri: kuti sabweza katundu ngakhale alemere bwanji, ndiponso kuti nkhani ikalowa m'mimba mwawo siitulukanso. Choyambachi ndiye chawadyetsa zaka zonsezi. Chachiwirichi chinawadyetsa njala, ngakhale kuti eni ake mpaka lero amakana kuti panalakwika kanthu.

Anabadwira kwa Kawinga, m'banja la Alhomwe limene makolo ake anadutsa malire kuchokera ku Mozambique atasenza makasu ndi miphika basi. Sukulu sanapite nayo patali, ndiye ganyu anamulawa wamtundu uliwonse: kupalira mpunga wa eni, kuumba njerwa, mpaka kukatola thonje kwa Kalembo komwe kunakwatiwa mlongo wawo. Njinga anaigula chaka chija nandolo anakwera mtengo, anthu n'kuyamba kuyenda mokweza mapewa. Ena anagula mawailesi, ena anawonjezera akazi. A Blasius anagula njinga yakapalasa, anawotcheretsa kaliyala wachitsulo chokhuthala, n'kuikapo khushoni yofiira. Kaliyala ameneyo ananyamula amayi apakati, matumba a mpunga, malata, mbuzi zolira njira yonse, ndipo ulendo wina ananyamula mkwati amene galimoto yake inafera panjira.

Koma dziko linasintha osawatsanzika. Panabwera anyamata a njinga zamoto, ndipo makasitomala anayamba kuwadutsa a Blasius akuwabayibitsa. Ngakhale ana omwe iwo anawanyamula ali m'mimba popita kuchipatala, atakula ankakwera zamoto. Pagulu a Blasius ankalavula malovu n'kumati njinga zimenezo n'zothamangira kumanda. Mumtima ankaisirira njinga yamoto mpaka kumva kuwawa, makamaka madzulo mawondo akayamba kuwakumbutsa zitunda zonse zimene akwera tsikulo.

Ngozi inachitika tsiku la msika. Minibasi inaima mwadzidzidzi pakati pa msewu, monga mwa chizolowezi chake, chifukwa kondakitala anaona munthu akukanda m'mutu n'kuyesa kuti akuimitsa. Lole yodzagula nandolo imene inali pambuyo inapatukira kumbali, komwe a Blasius amamangirira thumba la chinangwa. Iwo anadumphira m'ngalande mwaliwiro limene mawondo awo anali atakana kwa zaka zambiri. Atadzuka anapeza njinga ili pansi pa tayala, yapindika ngati chitini chopondedwa ndi ng'ombe.

Dalaivala wa loleyo anatsika n'kuthamangira kungalande. Ataona kuti munthu ndi wamoyo, anapuma mozama n'kuti, "Madala, musadandaule. Galimotoyi ili ndi inshuwalansi. Mulipidwa zonse."

Apolisi analemba lipoti lawo, ndipo dalaivala anawalozera kaofesi kena ku Balaka. Kumeneko mayi wina dzina lake Nelia, wa magalasi ndi mawu ofatsa, anawafotokozera kuti kampani ibweza zimene iwo ataya, koma pabwera kaye munthu wodzaona njingayo ndi maso ake.

"Chonde bambo, musaikhudze," anatero mayiyo. "Mmene yaphwanyikiramo ikhale choncho. Umboni wanu ndi umenewo."

Pabenchi yodikirira panali mkulu wina amene ananong'oneza a Blasius kuti msuweni wake anagundidwa njinga ku Liwonde, lero ali ndi golosale. Kaya zinali zoona kaya ayi, a Blasius sanafunse. Pobwerera m'minibasi anawonkhetsa m'mutu: chipukuta misozicho, kuphatikiza mbuzi za kukhola, kuphatikiza mpunga wa chaka chino. Pofika pa mlatho wa Liwonde anali atagula kale njinga yamoto yogwiritsidwapo ntchito, yofiira, ndipo anali akusankha chipewa.

Tsono kwathu kuno ndalama ikakhala panjira siitchulidwa. Ikangomveka, alamu amadwala tsiku lomwelo, mphwanu amathamangitsidwa fizi, ndipo anthu amene simunawaone chimwalirireni agogo amakumbukira njira ya kwanu. Komanso pali maso ena amene akayang'ana mwayi wa munthu, mwayiwo umabwerera. A Blasius anaganiza zosauza munthu. Ngakhale akazi awo a Dorica sanawauze. A Dorica ndi mayi wabwino, wolimbikira, koma ali mu kwaya, ali mu banki m'khonde, ndipo amatunga pa mjigo kawiri pa tsiku. Nkhani singapulumuke malo atatu onsewo.

Anaigoneka njinga yophwanyikayo pakhonde, n'kuifunditsa neti yakale ya udzudzu. Analamula kuti aliyense asaiyandikire, ngakhale nkhuku. M'mawa ankakoka mpando n'kukhala pambali pake, nkhope ili ndwii, kuopa kuti akamwetulira anthu adziwa. Anthu anayamba kubwera kudzapepesa. Ankakhala pamkeka, kuyang'ana neti ija, kupukusa mitu, ndipo wina akati, "Bwanji tiione ngati ingakonzeke?" a Blasius ankadzuka ngati alumidwa ndi linthumbu.

"Iyayi! Isiyeni mmene ilili!"

Anthu ankayang'anizana, n'kutsanzika mwakachetechete. M'mudzi monse munamveka kuti bambo Namakhwa chisoni chawalowa m'mutu.

Wodzaona njinga uja sanabwere msanga. Masabata anapita, ufa unayamba kuoneka pansi pa thumba, koma a Blasius anali phee. A Dorica anapirira zonsezi mpaka tsiku limene anawapeza amuna awo kuseri kwa khola, atakhala pa mtondo wogadabuzika, manja atatambasula kutsogolo, akupotoza dzanja lamanja uku pakamwa pakulira ngati injini. Mayiwo anabwerera chambuyo osatsokomola. Analowa m'nyumba n'kulira, chifukwa amuna awowa amawakonda, ndipo ankaona kuti akuwataya akuona.

M'mawa mwake anapita kwa a Enock, wapampando wa akabaza a pa siteji. Akabaza a pa Nsanama ali ndi mwambo wawo: mnzawo akagwa, samufunsa ngati akufuna kudzutsidwa, chifukwa mwamuna ukamufunsa amati ali bwino. Aliyense amangochotsa kanthu pa zimene ali nazo.

"Mlamu, nkhaniyi tinaimva," anatero a Enock. "Timangoopa kuti munthuyo akulusa. Mudzatiuze tsiku limene achokepo."

Tsikulo linafika lokha. A Blasius anapita ku Balaka kukafunsa za wodzaona njinga, ndipo mayi Nelia anawauza kuti abwera Lachisanu masana osalephera. Pokondwa, anapatukira kwa Kalembo kukacheza kwa mlongo wawo, n'kugona konko mpaka Lachisanulo. Kumudzi anangosiya mawu akuti apita kukaona odwala.

Fumbi la minibasi yawo lisanathe, njinga inali itafika kale pansi pa mtengo wa mango kwa a Sufiyani, mmisiri wa njinga, Msilamu wa ndevu zoyera amene anakonza njinga za theka la Machinga. A Sufiyani anaizungulira, anatchula dzina la Mulungu, n'kupempha nyundo. Felemu anaiwongola pamoto n'kuiwotcherera. A Enock anabweretsa foloko imene ankasungira njinga yawo. Wina anabweretsa limu, wina masipoko, wina tcheni, wina chishalo chimene anachotsa pa njinga ya apongozi ake osawauza. Ngakhale anyamata a njinga zamoto aja anasonkherana n'kugula penti. Zitsulo zopindika zotsalazo a Dorica anasinthitsa ndi beseni la pulasitiki kwa ogula zitsulo zakutha, kuti amuna awo asadzazionenso n'kuyambiranso kudwala.

Lachisanu a Blasius akufika pakhomo anapeza njinga zambiri zitatsamira mpanda, ndipo amayi a kwaya ali pamkeka. Anayesa kuti kwagwa zovuta. Kenako anaona kuti pakhonde neti ija palibe. Pakati pa bwalo panaima chinthu chofundidwa chitenje chatsopano cha a Dorica.

A Enock anaimirira, anakonza kolala, n'kulankhula za ubale wa pa siteji kwa nthawi yaitali ndithu. Atamaliza anakoka chitenje chija. Amayi anaimba nthungululu. Njinga inali ng'aning'ani, yakuda bii, yowongoka kuposa tsiku limene inachoka m'sitolo.

A Blasius anakhala pansi pomwepo, padothi.

"Mwaona? Chimwemwe chimenecho," anatero a Enock, ndipo anthu anaomba m'manja.

Nthawi yomweyo kunamveka kulira kwa injini. Njinga yamoto yofiira inaima pachipata, n'kutsitsa mnyamata wa tayi ndi chikwama, kenako inabwerera. Mnyamatayo anapereka moni mwaulemu, anati dzina lake ndi Lyford, wachokera ku kampani ya inshuwalansi, ndipo akufuna bambo Namakhwa ndi njinga yawo yophwanyika.

"Ndi imeneyi," anayankha a Enock monyadira, akusisita chishalo.

Lyford anayang'ana njinga, anayang'ana lipoti la apolisi, anayang'ananso njinga. Anagwada n'kuwerenga nambala ya pa felemu. Inali yomweyo. Anazunguza tayala lakutsogolo, ndipo linazungulira mosalala osagwedera ngakhale pang'ono.

"Inshuwalansi yake iti?" anafunsa a Dorica, akuyang'ana amuna awo. A Blasius anali akuyang'ana nyerere.

Lyford sanali munthu woipa. Anaona nkhope ya a Blasius ndipo anamvetsa zimene zachitika. Anafotokoza kuti nkhani sinathere pomwepo: ngati njinga yakonzedwa, kampani ingathe kubweza zimene mwini wake walipira pokonzetsa, bola pakhale malisiti. Polankhula mawu akuti malisiti anayang'ana a Sufiyani nthawi yaitali, mochita kuwatsegulira khomo.

"Ndiye mmisiri ndinu eti? Munawalipiritsa zingati bambowa? Ntchito yaikulutu iyi, siyotchipa."

A Sufiyani anaimirira pang'onopang'ono.

"Mwanawe, ukundiyesa ndani? Walahi, sindinalandire ngakhale tambala. Imeneyi ndi sadaka. Ndikalemba pepala loti ndalipidwa, ndanama, ndipo malipiro anga kwa Mulungu apita. Ukandibwezera ndiwe?"

"Nanga zipangizozi?" Lyford anayesanso, mawu akuchepa. "Foloko, limu, tcheni. Palibe amene anagulitsa?"

Apa ndiye anawaputa onse. Aliyense anaimirira kulumbira kuti chake anapereka ulere, ndipo ankapikisana pofotokoza mmene analili osafuna kanthu. Mwini chishalo anafika ponena kuti ngakhale iye sanachigule. Anyamata a penti anati lisiti anayatsira fodya. A Blasius ankayesa kutsinzinira a Enock diso, koma a Enock anawagwira paphewa n'kuti, "Achimwene, musavutike. Mlendoyu adziwe kuti kuno munthu sitimugulitsa chifundo."

Potsiriza panapezeka chinthu chimodzi chogula kusitolo chokhala ndi lisiti lake: belu. Lyford anafunsa ngati njinga yakaleyo inali ndi belu. Anthu onse anaseka, chifukwa Nsanama yense amadziwa kuti a Blasius ankaimba mluzu m'malo mwa belu.

Mnyamatayo anatseka chikwama chake. Anati akalemba zimene waona, koma asawanamize, zimene waona ndi njinga yabwinobwino ndi munthu amene sanalipire kalikonse.

Tsono mwambo umafuna kuti wothandizidwa athokoze. A Blasius anadzuka, anasasa fumbi, n'kuyang'ana anthu aja mmodzimmodzi. Ankafuna kukuwa kuti mwandiphera njinga yamoto, anthu inu, ndani anakutumani? Koma anaona chala cha a Sufiyani chomangidwa kansanza pomwe nyundo inaphonya. Anaona njinga ya a Enock itatsamira mpanda ndi foloko yake yakale yothyoka, yomanga ndi waya. Misozi inayamba yokha, ndipo ngakhale iwo sanadziwe kuti ikulirira chiti.

"Zikomo," anatero. "Mwandichita zazikulu. Simukudziwa n'komwe kukula kwake."

Amayi anaimbanso nthungululu, kupatula a Dorica, amene anawayandikira n'kunong'ona kuti akambirana bwino alendo akapita.

Lyford anafunsa komwe angapeze chokwera chomufikitsa kumsewu. Anyamata a zamoto anathamangira makiyi, koma a Blasius anali atagwira kale mahandulo. Anamukweza pa kaliyala n'kuyamba kupalasa. Pachitunda mawondo anayambiranso nyimbo yawo yakale, ndipo njinga inkayenda mwakachetechete moti zinkawapsetsa mtima.

"Koma ikuyenda bwinotu, bambo," anatero Lyford ali kumbuyo. "Pepani kwambiri. Mukanangowauza anzanuwo kuti adikire."

A Blasius anapalasa mpaka pamwamba pa chitunda.

"Ndikanawauza, bwana, akanadikira," anatero kenako. "Ndalamazo zikanabwera, ndipo ine ndikanagula yamoto, n'kumawadutsa pamsewu ndikuwabayibitsa. Ndimomwe ndinakonzera."

Pamsewu mnyamatayo anatsika n'kufunsa mtengo. A Blasius anamutchulira mtengo wa ulendo wa pa njinga yamoto, osaphethira. Lyford anawayang'ana, anaseka, n'kulipira osatsitsa. Kenako anapempha lisiti loti akabwezeredwe ku ofesi, ndipo a Blasius anamuuza kuti akabaza salemba zimenezo.