Impso za a Anselmo

A Anselmo anabwera ku Lobi kudzakwatira ali mnyamata, ndipo imvi zinawapeza akutchedwabe mkamwini. Anamanga nyumba ya njerwa, anabzala mapichesi, analima nyemba m'munda wa apongozi mpaka msana kupindika. Koma pa nkhani za ana awo omwe ankakhala kumbuyo ngati mlendo wodzapala moto. Ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba anali mlamu wawo, a Kalisto, munthu wokonda kulankhula kuposa kulima.

Dzinja litangoyamba, mwana wawo Timoteyo, amene ankagwira ntchito ku Joni, anadwala impso. Uthenga unafika pa lamya ya kuparishi: madokotala angathe kumuika impso ya munthu wina, koma thupi limakana chiwalo chachilendo. Achibale akayezetse magazi ku Lilongwe kuti apezeke wogwirizana naye.

Mbumba inakhala pansi. A Anselmo anadikira onse alankhule, kenaka anawomba m'manja.

"Alamu, nane ndipite nawo. Mwanayu ndinabereka ndine."

"Iyi ndi nkhani ya magazi, alamu," anatero a Kalisto mofatsa. "Magazi a mwanayu ndi athu. Inu tsalani muziyang'anira mbewu."

A Kalisto sanali munthu woipa ayi. Anali okonzeka kung'ambidwa pamimba chifukwa cha mwana wa mlongo wawo, ndipo ankaona kuti kutuma mkamwini n'kuthawa udindo. Chowawa n'chakuti a Anselmo anangoti "Chabwino", natenga khasu. Anazolowera ulemu mpaka unawamanga pakamwa.

Anapita a Kalisto, ang'ono awo, ndi mayi a mwanayo, a Esitere. Mayiwo madokotala anawapeza ndi matenda a shuga, nawabweza. Magazi a enawo anatumizidwa ku Joni, ndipo yankho linabwera chimanga chitamasula ngayaye: palibe wogwirizana. Dokotala wa ku Lilongwe anafunsa ngati bambo a wodwalayo anamwalira. A Kalisto anayang'ana pansi.

M'mawa mwake anakagogoda okha kwa mlamu wawo, chipewa chili m'manja, kukawapempha kuti nawonso akayezetse magazi. A Anselmo sananene kanthu koipa. Anavala jekete la kutchalitchi, natsetsereka kukakwera basi pa Linthipe. Pobwerako anasiyiratu fodya, nayamba kumwa madzi ambiri, ati impsozo zikafike kwa mwana zili zoyera.

Koma bokosi la Timoteyo linafika yankho lisanabwere. Pa maliro analankhula a Kalisto, monga mwa mwambo. A Anselmo anakhala chapatali ndi akamwini anzawo, akulira mosabisa.

Sabata yotsatira, Misa itatha, wansembe anawaitanira kuseri kwa tchalitchi. Sanafune kuwabisira.

"Lamya ija yabwera, a Anselmo. Magazi anu anagwirizana ndi a Timoteyo."

A Anselmo anagwira m'chiuno, zala zikufinya m'nthiti.

"Ndamva, bambo," anatero. "Nanga tsopano impsozi ndipite nazo kuti?"