Mpando wakutsogolo wa Mayi Ozella

Pathamanda la Mabry, kumunsi kuno kwa Alabama, palibe amene ankaudziwa msana wa Hoyt Tuggle kuposa mkazi wake, Mayi Ozella. Anauyang'ana zaka makumi anayi. Hoyt ankakhala kutsogolo kwa boti ndi ndodo yake yaitali yowedzera, n'kumakupiza chingwe m'mwamba mpaka kanyambo ka nthenga katatera pamadzi ngati chiwala chogwa mumtengo. Mayi Ozella ankakhala kumbuyo ndi nkhafi, kupalasa mwakachetechete, osagunda boti, osatsokomola, poti brimu ndi nsomba yamantha. Lamulo la Hoyt linali lakuti wopalasa ndiye amakonzanso nsomba. Akafika kunyumba bamboyo ankamwa tiyi wake wozizira pakhonde, mayi ali chiweramire ndi mpeni, mamba mpaka m'tsitsi.

Anthu ankati banja lokondana ndi limeneli, ndipo sankanama. Mayi Ozella ankaphika kusukulu ya pulaimale, analera ana atatu, ndipo Loweruka ankakwera boti mosanyinyirika. Koma kale, ukwati ukadali wauwisi, anapemphako kuti aponye kamodzi kokha. Hoyt anaseka n'kunena kuti, "Iwe ungandikolowole diso." Sanapemphenso. Mawuwo anawameza, koma sanawaiwale.

Hoyt anamwalira nyengo yozizira. Atatha kulira, Mayi Ozella anagulitsa chiboti chake chakale n'kugula latsopano, lobiriwira, lonunkhira penti. Ana awo anaimba foni kuchokera ku Birmingham kufunsa ngati amayi akukumbukira msinkhu wawo. Iwo anayankha kuti akuukumbukira bwino, n'chifukwa chake sanadikire chaka chamawa.

Mu Meyi, mwezi ukakhala wathunthu, brimu zimakumba zisa m'madzi osaya, ndipo pamalopo pamanunkhira ngati chivwende chongodula kumene. Apa m'pamene Mayi Ozella anaitana anthu awiri kuti akalawe boti: Delmer, mng'ono wake wa Hoyt, ndi Vonceil, mnzawo wa kukwaya.

Atafika padoko, Delmer analowa n'kukhala kutsogolo. Anatola nkhafi n'kuipereka chakumbuyo, osacheuka n'komwe, ndendende mmene ankachitira mkulu wake.

"Alamu, mwasochera," anatero Mayi Ozella. "Mpando wanu ndi uwo."

"Aa, alamu, nthabwala m'mawa uno? Nsomba zili pazisa, mwezi sudikira munthu."

"Boti ili anagula ndani?"

"Sunthani bambo, mwamva," anatero Vonceil akudzikhazika pakati ndi chipewa chake chachikulu. "Nkhafi siluma."

Delmer anasuntha akung'ung'udza. Kupalasa kwake kunali kwa munthu wothamangitsa ng'ombe m'dimba, gu! gu! m'mbali mwa boti. Koma tisamuseke yekha, chifukwa kutsogoloko zinthu zinali zoipa kuposa pamenepo. Maso a Mayi Ozella anaphunzira zaka makumi anayi, dzanja silinaphunzire kanthu. Kuponya koyamba chingwe chinaunjikana pamapazi pawo. Kachiwiri chinakola nthambi. Kenako chinanyamula chipewa cha Vonceil n'kuchiviika m'madzi.

"Mnzanga, wawedza yaikulu!" anakuwa Vonceil, misozi ili mbwee ndi kuseka.

Mayi Ozella analuma mano n'kukupizanso mwamphamvu. Kamphepo kanabwera chammbali, ndipo anamva ngati alumidwa ndi mavu. Mbedza inali italowa m'khutu lawo lamanja, kanyambo kachikasu kali lende, magazi akudonthera pakolala.

Delmer anaika nkhafi pansi. Sanali munthu woipa, ndipo analankhula mwachifundo, chimene chinapweteka kuposa mbedzayo.

"Mwaona, alamu? Achimwene ankadziwa chimene ankanena. Bwerani mukhale kumbuyo kuno mupume. Ine ndidzaze bokosi la nsomba msanga, kenako tithamangire kuchipatala."

Anatambasula dzanja kuti alandire ndodo. Manyazi anawagwira Mayi Ozella mpaka m'mafupa. Kuseka kwa Hoyt anakumva bwinobwino, ndipo anamusowa mwamuna wawo, namukwiyira nthawi yomweyo. Mpando wakumbuyo unali pomwepo, wozolowereka, wosachititsa manyazi. Koma anadziwa kuti akaukhalira lero, adzafera pomwepo.

"Vonceil, dula chingwe," anatero Mayi Ozella.

"Nanga mbedzayo?"

"Isiye. Ndolo ndinkazifuna kalekale, Hoyt sanandigulirepo. Mangira ina."

"Alamu, mukutuluka magazi!"

"Ndi anga. Palasani."

Delmer anapukusa mutu n'kutola nkhafi. Dzuwa linakwera, thukuta likulowa pabala, khutu likugunda ngati ng'oma. Mayi Ozella anaponyabe, molakwika, mobwereza, mpaka phewa linalema n'kusiya kulimbana ndi ndodo. Ndiye chingwe chinatambasuka chokha, kanyambo n'kukatera pafupi ndi chitsa cha m'madzi. Kudikira kokha ankakudziwa, poti n'kumene anachita moyo wawo wonse. Timafunde titatha, pamadzi panamveka thapu!

Ndodo inapindika, ndipo kunjenjemera kwake kunadutsa m'dzanja mpaka pamtima. Kani ndi izi zimene bambo uja ankamva yekha zaka zonsezo! Mayi Ozella anakoka akuseka, misozi ikutsika.

Nsombayo inali kabrimu kosakwana chikhatho cha mwana.

"Kabwezereni m'madzi kakaitane amayi ake," anatero Delmer.

"Kakulowa m'bokosi."

Tsiku lonselo anapha kameneko basi. Anthu a m'maboti ena ankabwerera atadzaza mabokosi, n'kumacheukira gogo wa nthenga yachikasu pakhutu, iye ali khosi njo kutsogolo.

Kunyumba Vonceil analiza galimoto kuti apite kuchipatala, koma Mayi Ozella anati adikire kaye. Analowa kukhitchini n'kutuluka ndi tambula ya tiyi wozizira ndi mpeni wawo wakale, wopyapyala ndi kunoledwa. Mpeniwo anampatsa Delmer.

"Lamulo la achimwene anu mukulidziwa. Wopalasa ndi amene amakonza."

Delmer anayang'ana mpeni, nayang'ana kansombako, kenako anawerama pambali pa mpopi. Mayi Ozella anakhala pampando wa Hoyt pakhonde n'kuwongola miyendo, maso ali pamsana wa mlamu wawo.

"Mamba asatsale, alamu," anatero. "Ine sindidya nsomba ya mamba."