Mazira a Thadzi la Amayi

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la makala a mu simbi ndi la nsalu yonyowa ikamatulutsa nthunzi. Anali dobi, ankachapa ndi kusita zovala za azungu a ku njanji, masiku amene Limbe inali ya masitolo owerengeka a amwenye ndi fumbi lofiira. M'mawa ankatsikira kumtsinje ndi mtolo pamutu, masana n'kumasita pakhonde la kanyumba kathu kaudzu, sitima ikulira chapatali, nkhuku zikuwazungulira m'miyendo uku iwo akuzikalipira mosakwiya.

Nkhukuzo sankagulitsa, ndipo mpeni sunkazikhudza pokhapokha kukabwera mlendo wochokera kutali. Ankangozikonda. Tambala wamkulu ankamutcha Kapitawo chifukwa cholongolola osagwira ntchito, bakha wonenepa anali Dona chifukwa cha kayendedwe. Ankatchera chiswe ndi mphika wosweka wodzaza zitsononkho zonyowa, m'mawa n'kukaukhuthulira anapiye, iwo atanjuta pambali kumawaonerera mpaka simbi kuzizira.

Ine ndinabwera kwa iwo amayi atamwalira ndi chimfine chachikulu chija chimene chinapha anthu ambiri, abambo ali ku Halale osamveka. Kumudzi ndinachokako ndi nsalu imodzi ndi thadzi la amayi, loyera, la tsumba pamutu, litamangidwa miyendo ndi luzi. Agogo ankanditchula "akazi anga", monga amachitira agogo posereula ndi adzukulu, koma ine sindinkaseka. Anthu sindinkawayankha kwenikweni. Zonse ndinkauza thadzilo.

M'chilimwe thadzi lija linaikira mazira kuseri kwa mtondo n'kuyamba kuwakhalira. Patatsala masiku ochepa kuti liswe, linatuluka kukasamba fumbi, ndipo galu wa kumasitolo analigwira. Ndinangopeza nthenga zoyera mpaka kumsewu. Ndinakhala pansi pomwepo, kulira kosatuluka.

Woyamba kufika anali abiti Ali, mayi wachisilamu woyandikana nafe, amene ankagulitsa mtedza wokazinga pa siteshoni. Anandidzutsa n'kundipukuta kumaso ndi mpango wawo.

"Pepa, mwanangu. A Dobi, mazirawo katayeni msanga, asamawaone mwanayu. Kulibe nkhuku ina yokhalira?"

"Kulibe," anatero agogo. Anatola dzira limodzi n'kuliika patsaya. "Koma akadali ofunda. Akazi anga, thamangani, kanditengereni dengu lija."

Anakazinga mchenga wa kumtsinje m'phale, kuuthira m'dengu, pamwamba kuyala malaya awo akale, mazira kuwandandalika bwinobwino, n'kuwafunditsa ndi bulangeti lawo lokhalo. Pambali anaimika simbi yokhala ndi makala ochepa. Kutentha ankakuyesa ndi tsaya, monga ankayesera simbi asanaiike pa kolala ya bwana. Dzira lililonse analilemba ndi khala mbali imodzi kuti adziwe potembenuza, pakuti thadzi, iwo anati, limatembenuza ana ake ndi mlomo kuti asagonere mbali imodzi.

Abiti Ali ankadutsa ndi lichero lawo akuseka. "Moni, make anapiye! Nthenga zayamba kumera?"

"Pitani, mtedza wanu ukuzizira," agogo ankayankha, osachotsa maso padengu.

Masiku amenewo kumtsinje ankapita mothamanga, kubwerera zovala zikudontha. Bwana wina anawakalipira chifukwa chochedwetsa malaya, iwo n'kungovula chipewa, kupepesa, kubwera kudzasintha mchenga. Ine ndinkakhala pafupi ndi dengulo tsiku lonse. Pa zonse za amayi, chamoyo chinali chokhacho.

Tsiku lina m'mawa tinamva kulira kwakung'ono pansi pa bulangeti. Mazira angapo anali atabooka, timilomo tikuoneka. Tinadikira. Dzuwa linafika pamutu, timabowo osakula. Kenako kulira kwa dzira limodzi kunaleka. Agogo analiswa mosamala ndipo tinapeza kamwanapiye katafa, kachikopa ka m'kati mwa dzira katauma gwa, katakamatirira m'nthenga ngati pepala. Anawonjezera makala, poganiza kuti mwina kwazizira.

Abiti Ali anatsitsa lichero, kugwada, kupisa dzanja m'dengu, n'kulitulutsa msanga.

"Iii, a Dobi! Mukuwasita ouma? Inu nomwe, malaya a azungu mumayamba mwawaza madzi musanaike simbi, koma ana a mwanayu ayi? Thadzi limayenda m'mame, limabwerera pamazira pamimba pali chinyontho. Chotsani makalawo!"

Agogo anakankhira simbi kutali. Kenako anadzimenya pachipumi. "Mayi, mwandivula pamaso pa akazi anga."

Anatenga kambale kawo kowazira, kuthiramo madzi ofunda, kuviika zala, n'kuwaza mazirawo mmene ankawazira malaya, timadontho ting'onoting'ono ngati mvula yowaza. Pamwamba anaikapo kansalu konyowa. Tinakhala atatu mozungulira dengulo. Sitima inalira pa siteshoni, abiti Ali osanyamuka, ngakhale kuti ndi nthawi imene mtedza unkagulidwa.

Dzuwa litapendeka, dzira limodzi linagwedezeka, kung'aluka pakati, ndipo kanatuluka kanthu konyowa, koonda, kosakongola ngakhale pang'ono, n'kugwa chafufumimba pa malaya a agogo. Patapita kanthawi linanso linasweka. Ena onse anakanika. Tiwiri tija titauma, kamodzi kanali ndi kachitumbu pamutu, pomwe tsumba limamera.

"Agogo, taonani kumutuku!" ndinakuwa.

Iwo sanayang'ane kamwanapiyeko. Anayang'ana ine. "Ha, kodi akazi anga ali ndi mawu chonchi?" Anatembenukira kumbali n'kumapukuta maso, akunamizira utsi wa simbi, chonsecho makala anali atazima kale. Abiti Ali anandipatsa mtedza wodzaza manja onse awiri.

Anapiyewo anakulira m'dengu momwemo, ndipo ankatsata agogo mpaka kumtsinje, anthu a m'njira akuseka. Iwo ankangoti, "Asiyeni, ndi ana anga." Mazira otsala aja tinawakwirira pansi pa nthochi, agogo anati chinthu chimene chinayesa kukhala ndi moyo sachiponya kudzala.

Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndipo tsopano ndakalamba kuposa mmene agogo analili masiku amenewo. Mwezi wathawu tinaika amuna anga. Pamaliro panabwera anthu ambiri, nkhuku zanga zinatha, ndipo sindinadandaule, pakuti anthu olira nawe sawagoneka ndi njala. Koma anyamata atalowa m'khola kuti agwire thadzi lotsiriza, limene linali pamazira, ndinadzuka pamphasa pakati pa azimayi, ndinakaima pakhomo la kholalo.

"Limeneli lisiyeni."

Ana anga akuti ndikakhale nawo kwawo, kuno ndikhala ndi yani. Ndawauza kuti ndamva, koma adikire. Masiku ena kukacha thupi limakana kudzuka, nyumba ili zii, kumbali kwa bedi kuli kozizira. Ndiye ndimamva kulira kwakung'ono kwa anapiye a thadzi lija panja, ndipo ndimafunda nsalu, n'kupita kukawatsegulira.