Ndalama Zimene Ndinawabisira Bambo

Bambo anga anakhala m'Zimbabwe moyo wawo wonse ngati munthu wodikira basi. Anabwera ali mnyamata kudzakumba miyala ya kromu m'migodi ya ku Shurugwi, chifuwa chitayamba kuvuta anapita kukaweta ng'ombe pa famu ina ku Somabhula, ndipo konseko nyimbo inali imodzi: "Chaka chamawa tikupita kumudzi." Ife ana tinabadwa, tinakula, tinakwatiwa, chaka chamawacho osafika. Pansi pa bedi lawo panali bokosi lachitsulo, m'katimo muli suti yakuda ndi nsapato zimene sanavalepo, zodikira tsiku lotsika basi kwawo ku Dedza.

Munthuyu sanadzalepo mtengo ngakhale umodzi. Amayi atamwalira, tinawapempha kuti tiwake manda, iwo anakana kwamtuwagalu. "Simenti ndi ya eni dziko," anatero. "Ife ndife odutsa." Manda a amayi anakhala mulu wa dothi, ng'ombe zikupondapo. Zinandiwawa kwambiri, ndipo sindinaiwale.

Chaka china mvula itakana, kunabwera bungwe lina lothandiza ovutika. Silinabwere ndi matumba a chimanga ayi. Linati lizitumiza ndalama pafoni, munthu aone yekha chochita nazo. Bambo anawalemba, koma poti maso awo anali atachita ng'ala, tinapereka nambala yanga. Tsiku lomwelo, tikubwerera kunyumba, anati, "Zikangolowa, ndikwera basi." Ananena akuseka, koma ine bambo anga ndimawadziwa.

Uthenga unandipeza ku Kwekwe, ndikugulitsa kaunjika pambali pa msewu. Ndinauwerenga kawiri. Anzanga akanakhala iwo akanaimba nthungululu, koma ine ndinangoona nkhalamba yosaona bwino, yopanda pasipoti, ikusochera pa siteji ya mabasi ku Harare. Ndipo ngakhale akafike, akafikira kwa yani? Kalata yomaliza yochokera ku Dedza inabwera ine ndili kusukulu ya pulayimale. Mukombi, minibasi yobwerera ku Torwood, kumene ndimakhala, ndinamanga mfundo mumtima. Atandiimbira pa foni ya mayi woyandikana nawo nyumba, ndinayankha mosazengereza: "Sizinabwere, Baba."

Bodza limafuna kulidyetsa. Masabata awiri aliwonse ndinkapita ku Somabhula nditasenza ufa, mafuta ndi sopo, zogula ndi ndalama zawo zomwezo, n'kumati bizinesi yayenda bwino. Iwo ankawomba m'manja kundithokoza. Sindinaonepo mbava yothokozedwa chonchi.

Pamene ine ndinkanama, mudzi unkasintha ndikuona. Mayi woyandikana nawo uja, wamasiye wolera zidzukulu, anafolera nyumba ndi malata, nagula mbuzi ziwiri. Ana amene ankangozungulira pa njanji anabwerera kusukulu atavala nsapato. Pagolosale shuga ankatha Lachisanu lisanafike. Anthu ankayenda mosiyana, mutu uli m'mwamba, ndipo ngakhale mikangano yawo inali ya anthu okhuta, yokangana ngati mbuzi iposa nkhuku. Nyumba ya bambo yokha ndiyo inatsala ndi udzu wakuda wovunda. Ndikaiona ndinkadziuza kuti bola kudontha kusiyana n'kufera panjira, koma mtima sunkavomera. Foni ikalira ndinkadzidzimuka, poganiza kuti a bungwe aja azindikira, kapena bambo afunsa wina.

Loweruka lina mayi uja anandikokera kuseri kwa khola. Iye ndi Mshona, Chichewa chake n'chotola kwa ife.

"Mwanangu, baba vako sakudya," anatero. "Mazuva ose, tsiku ndi tsiku, amapita kumashopu, amaima pamsewu chitupa chili m'manja, kudikira mota ya vanhu vaya a bungwe. Dzuwa lonse lija. Ukataure nawo."

Ndinawapeza atakhala pa mpando wawo pakhomo. Anali atatha, kolala ya malaya ikulendewera. Chitupa chinalidi m'thumba la pachifuwa, chija cholembedwa kuti mwini wake ndi mlendo.

"Anandifufuta, mwanawe," anatero ndisanakhale n'komwe pansi. "Anaona chitupa. Miyala yawo ndakumba, mombe zawo ndaweta, mkazi ndaika m'dothi lawo lomweli. Manje njala yabwera, akumbukira kuti ndine mubhurandaya." Limeneli ndi dzina lonyoza limene amatitchula nalo ife ochokera ku Malawi, ndipo ndinali ndisanawamvepo akudzitchula okha.

Ndinachita mantha amene sindinachitepo. Ine ndinkaopa kuti msewu undiphera bambo, pamene ndinali kuwapha ndekha pakhomo pawo. Ndinagwada.

"Baba, sanakufufuteni. Ndalama zinabwera kalekale. Ndine ndinabisa."

Ndinkadikira ndodo, ndipo ikanabwera ndikanailandira.

"Dzina langa lilipo?"

"Lilipo, Baba."

"Anaona chitupa, osafufuta?"

"Osafufuta."

"Werenga."

Ndinawerenga uthengawo. Anati ndibwereze, ndinabwereza. Kenako anafunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza zonse, za basi, za Harare, za ku Dedza kopanda wowalandira. Anangoti, "Lolemba ukatape zotsalazo, undipatse m'manja."

Ndinachita momwemo. Lachiwiri m'mawa ndinawapeza atakoka bokosi lija, atavala suti yakuda yonunkha mankhwala a njenjete, nsapato zikulira poyenda. Suti inali itawakulira. Ndinati ndiwaperekeze, anandibweza ndi ndodo. "Aikona. Wandisunga mokwanira." Anakwera kombi ya ku Gweru osacheuka.

Tsiku limenelo sindinadye. Ndinakhala pamwala pafupi ndi mashopu, pamalo pomwe iwo ankaima, ndikuwerenga nkhope za otsika kombi iliyonse. Ku Gweru n'kumene kumakwerwa mabasi a ku Harare, zimenezo ndinkazidziwa bwino. Ndinayamba kukonza mawu okauza azichimwene anga, kuti bambo ndawataya ndine, poyamba ndi bodza, kenako ndi chilungamo. Sitima ya katundu inadutsa, yaitali yosatha, ine ndikuitukwana chifukwa inkanditchingira msewu.

Dzuwa litapendeka kunaima kalole kakale. Kumbuyo kwake kunali bambo, atakhala pa matumba a simenti, suti yonse yayera mbuu, nsapato zatsopano zija zili m'manja chifukwa zinawaluma. Pambali pawo panali mmisiri womanga wa m'mudzimo. Ndinalira ngati mwana pamaso pa anthu onse.

"Taonani mbava ikulira," anatero bambo potsika. "Mawa tikasinthe nambala ija, ndalama zizifikira kwa amayi a mbuzi aja. Iwe ndakuchotsa ntchito."

"Simentiyi ndi ya nyumba, Baba?"

"Nyumba idikire ndalama zobwera."

Analamula kuti kaloleko kapitirire mpaka kumanda. Kumeneko anafufuza ndi ndodo mpaka anapeza mulu wa amayi, nachotsa ndowe youma imene inali pamwamba. Anaima pamenepo osavala nsapato, akupuma movutika. Kenako anayeza ndi mapazi kuchokera pamuluwo kupita kumanja, nazika ndodo pansi.

"Uwake bwino apa pa amake ana," anauza mmisiri uja. "Koma maziko afike pandodopa. Usaumire malo, mwini wake ndi wamtali. Ndayeza ndekha."