Tenti ya mkamwini kuseri kwa kalavani

Ntchito ya makalavani ndinaipeza chifukwa cha msana. Zaka zonyamula okalamba kunyumba yowasamalira zinandithyola, ndiye mnzanga wa kukwaya atandiuza kuti galaja ina kunja kwa Romford ikufuna wotsuka makalavani, ndinakwera basi tsiku lomwelo. Kalavani ndi kanyumba kokoka ndi galimoto, komwe anthu kuno amagonamo akapita kutchuthi. Ndinayamba ndi ndowa ndi bulashi, koma ine manja anga sakhala phee. Mwini galaja, mzungu wachikulire dzina lake Derek, atatopa ndi mafunso anga, anayamba kundiimika pambali pake akamakonza za gasi.

Ndiye amene anandiphunzitsa kuti lawi labwino la hita ya madzi ndi labuluu. Likakhala lachikasu, hitayo ikutulutsa mpweya wakupha, wosaoneka ndiponso wopanda fungo. "Mphuno yako usaidalire," ankatero. "Dalira mita yoyezera mpweyawo."

Lachisanu lina kunafika a Mwale, nesi wochokera kwathu, atakoka kalavani yawo. M'galimoto munalinso apongozi awo aakazi, amene anabwera kuchokera ku Dedza kudzaona zidzukulu.

"Achemwali, tikapita ku kampingi ine ndimadzuka mutu ukung'ambika, nseru, miyendo yofooka," anatero a Mwale. "Ena onse ali fayini. Alamu ya m'katimu inangolira kamodzi. Mawa tikupitanso, tatichekereniko hita."

Tinayamba. Ndinapopera madzi a sopo polumikizira mapaipi onse kuchokera pa silinda ya gasi, koma thovu silinafufume. Derek anayeza mphamvu ya gasi, ili bwino. Tinatsegula poyakira moto kufuna ukonde wa akangaude, umene umatseka njira ya mpweya, koma munali mwaukhondo. Kabowo kotulukira utsi, kamene kali pakhoma lakuseri, kanalibe mwaye. Titayatsa, lawi linatuluka labuluu, ndipo mita yomwe tinaika m'kalavani inangokhala chete.

"Hita ilibe mlandu," anatero Derek akupukuta manja. "Mwina bamboyu amamwa."

Mtima wanga sunakhazikike. Ndinazungulira kalavaniyo, kugwada, kusuzumira pansi, kuzimitsa, kuyatsanso. Ndinakwiya ndi hita yosalakwayo. Munthu sadwala mutu patchuthi pokha, ndipo mawa lake a Mwale akagonanso komweko. Pofuna kupumitsa miyendo ndinawapangira tiyi mayi aja, amene anakhala pabenchi atafunda majekete awiri.

"Amayi, mumakwana bwanji nonse m'kanyumba aka?"

"Timagonamo ine, mwana wanga ndi ana. Abambowa amakhoma tenti kuseri. Ndigone chipinda chimodzi ndi mkamwini?"

Kapu ndinaiika pansi. "Kuseri kwake kuti?"

Analoza ndi chibwano, osamuyang'ana mkamwiniyo. Kunali kukhoma lija la kabowo ka utsi. A Mwale anafotokoza mwamanyazi kuti anasankha mbali imeneyo kuti asamakumane ndi apongozi pakhomo m'mamawa. Lona ya tentiyo ankaimangirira kudenga la kalavani, n'kuitsindira pansi kuti mphepo isalowe. Hita ankaisiya ikuyaka kuti apongozi akadzuka apeze madzi otentha osamba.

Ndinawapempha kuti akhome tentiyo pomwepo monga amachitira. Tinayatsa hita, n'kuponya mita m'tentimo. Utsi unasowa kopita, hita inayamba kuupumanso, lawi linasanduka lachikasu, ndipo mita inalira ngati mwana wolumidwa ndi mavu.

A Mwale anakhala pansi pamiyala. Ndi nesi, sanafune womasulira. Ine ndinawakalipira ngati mlongo wanga wamng'ono, ngakhale ndi akulu kwa ine. Derek anangoti tenti izikhala patali, pamtetete, ndipo kutsogolo kwa kabowoko kusamakhale kanthu.

Mayi aja anaimirira, n'kumuyang'ana mkamwini wawo m'maso, zomwe sindinawaone akuchita tsiku lonselo.

"Bambo a Chikondi, mawa mugona m'katimo. Manyazi ndipirira. Mwana wanga asakhale wamasiye chifukwa cha ulemu wanga."

Kuyambira pamenepo, kalavani ikabwera ndi dandaulo la utsi, ndisanagwire sipanala ndimafunsa kuti ndani amagona pati, nanga n'chifukwa chiyani. Ena amaseka, ena amati sizikundikhudza. Ndimawasiya alankhule, koma hita sindiyatsa asanandiyankhe.