Wokonza Wailesi ndi Kabokosi ka Timababu

Mumsewu muno akuti kabokosi katsopano komverera nyimbo ka mkulu wokonza wailesi kamaotcha makutu, ndipo wometa tsitsi adagontha nako. Kaya ndi zoona kaya, koma mkuluyo ndi woopsa ndithu. Amanunkhiza waya asanalumikize, saseka, ndipo aliyense wodutsa pakhomo pake amamuuza kuti, "Tandibwerekani makutu anuwo, achimwene."

Lachiwiri mkuluyo anakola telala. Telala ataona timababu tagalasi tikufiira pamwamba pa kabokosiko, anayamba kubwerera m'mbuyo. Mkuluyo anamuveka mahedifoni aakulu. Kunali zii. Anamuveka ena aang'ono, koma kunali ziibe.

"Mayo ine, ndagontha!" anakuwa telala. "Mwandipha, bambo! Ana anga ndiziwamva bwanji?"

"Khalani pansi, inu," anatero mkuluyo. "Timababuti timafuna titenthe kaye, ngati simbi yanu ija."

Anamuveka achitatu, telala atatsinzina, akupemphera chamumtima. Kenaka gitala inalira bwinobwino, mpaka anamva woimbayo akukoka mpweya. Telala anatuluka akugwiragwira makutu onse awiri, thukuta lili kamukamu.

Wometa uja sadagonthe ayi. Anali ndi chimfine.