Nkhwani Zanga Zapulumuka kwa Agalu

Lachitatu ndikusadzula nkhwani pakhonde, mpongozi wanga Mai a Tadala anatulukira ndi kalata ya khonsolo. Ine zilembo zimandivinira m'maso, ndiye anandiwerengera: "Amayi, dimba lanu silichoka. Agalu awamangira malo awo kuseri kwa bwalo la mpira."

Lululu! Lichero uko, ine uku, chitenje m'chiuno!

Inu simukudziwa. Kumapeto kwa msewu wathu kuno ku Perth, ku Australia, kuli kamalo komwe anatilola kulima. Mwana wanga akakwera ndege kupita kumigodi masabata awiri, ine ndimakhalira komweko, ndi khasu, ndi maungu anga. Ndiye a khonsolo akuti pamenepo pakhale poseweretsera agalu opanda chingwe.

Poseweretsera agalu, abale!

Tinapita kumsonkhano. Bambo wa tayi anatambasula mapu patebulo. Apa agalu akuluakulu, apa ang'onoang'ono, kuti asaopsezane. Apa mpopi wa agalu. Apa mthunzi wa agalu. Mageti awiri, kuti bwana galu asasochere. Ndinamukodola mpongozi: "Tafunsa, nanga geti la agogo lili pati?"

"Amayi, chonde, mutichititsa manyazi."

Manyazi? Munthu wa ndevu zake amayenda pambuyo pa galu ndi kajumbo m'manja, kudikira kuti atole zomwe galu wasiya, ndiye manyazi akhale anga?

Ndalama za migodi zakula, nyumba zadya mabwalo onse, mpaka galu wasowa pokanda. Kodi amene anadya bwalo la galu ndi ine?

Chingerezi ndilibe, koma ukaipa dziwa nyimbo. Ndinatulutsa dzungu m'chikwama, di! pakati pa mapu, pa agalu akuluakulu penipeni. Mayi wina wachizungu woyandikana nafe, Margaret, amene ndimamupatsa maungu, anaimirira n'kulankhula mpaka nkhope psuu. Zomwe ananena sindinamve, koma kalata ndi iyi.

Agalu athamange, sindikukana. Koma pojambula mapuwo, inu a khonsolo mumafunsa ndani? Amene ali ndi Chingerezi yekha?

Loweruka tinavina m'dimba momwemo. Anabwera Mai Nkhoma a ku Mvano, a Banda ndi jekete lawo la kumgodi, Mai Tembo a ku Chipata amene anandipatsa mbewu, Nasibeko wa kudera la Mirrabooka kuno ku Perth pa basi, Mai a Tadala manyazi atatha, adzukulu anga Tadala ndi Chisomo, komanso Margaret.

Ndi Biscuit, galu wa Margaret. Pa chingwe, kunja kwa geti.